Maenvulopu Atatu Omwe Sindinakutumizire

Leeuwarden,
14 Novembala.

Wokondedwa m'bale wanga,

Kalata ino ndayiyamba katatu. Koyamba ndinalemba dzina lomwe amayi anakupatsa, Rixt, ndinang'amba. Kachiwiri ndinalemba lomwe unadzisankhira uli ndi zaka khumi ndi zitatu, Jelmer, ndinang'ambanso, chifukwa patha zaka zisanu ndi zinayi tisanaonane ndipo sindikudziwa lomwe anzako akukuitana nalo kumeneko ku Norway. Ndiye ndangoti m'bale wanga, poti limenelo palibe angakulande. Ndikulemba ndili m'sitima yopita kuntchito ku Utrecht, choncho ukaona zilembo zikuvina usati ndayamba kumwa.

Kuno tilipo. Mvula sikuleka, minda yonse yasanduka matope. Amayi akadali m'nyumba yomwe ija, bondo likuwavuta koma pakamwa mpakuthwabe ngati kale. Njinga anasiya mwezi wa Meyi atagwera mu ngalande, ngakhale iwo amati ngalandeyo ndi yomwe inawatsata.

Mwina sukudziwa ntchito yomwe ndikugwira masiku ano. Zoyeza magazi ndinasiya. Tsopano ndimawerenga kafukufuku wa anthu ena n'kumawapezera zifukwa, ntchito yomwe ukhoza kunena kuti ndinabadwa nayo. Chaka chino anatipatsa nkhani ya ana onga mmene unalili iwe: mwana wobadwa mtsikana koma mtima ukumuuza kuti ndi mnyamata, kapena wobadwa mnyamata mtima ukumuuza kuti ndi mtsikana, mpaka thupi lake lomwe kumusowetsa mtendere. Funso lathu ndi lakuti, jakisoni uja woimitsa kutha msinkhu, ndi mahomoni osintha thupi obwera pambuyo pake, zimawathandiza anawa akadzakula kapena ayi? Ife sitiona odwala. Timangoyeza ngati zomwe madokotala analemba ndi zoti munthu n'kuziyedzamira osagwa.

Lamulo lathu ndi lakuti pepala lililonse aliwerenge anthu awiri, aliyense payekha, osaonerana, kenako n'kuyerekeza zomwe tapeza. Mnzanga pantchitoyi ndi Okke, bambo wadazi yemwe wadya buledi wa tchizi masana alionse chibadwire, ndipo amakhulupirira kuti zinthu zonse zimatha bwino. Timakangana tsiku ndi tsiku, koma ndimamukonda.

Masabata atatu apitawa tinafika pa pepala lochokera ku chipatala chako chija. Ndinaona zaka zomwe anawo anayambira mankhwala, ndinazindikira kuti ndi nthawi yako yomwe ija, koma ndinapitiriza. Anayamba ndi ana makumi asanu ndi awiri. Atakula anawafunafuna kuti amve mmene akukhalira. Anayankha anthu makumi anayi kudza anayi, ndipo ambiri mwa iwo anati zikuwayendera. Otsalawo, makumi awiri kudza asanu ndi mmodzi, sanamveke.

"Pamenepa palibe chovuta, Wietske," anatero Okke, nyenyeswa zikugwera papepala. "Munthu amene zikumuyendera alibe nthawi yodzaza mafomu. Ali kuntchito, ali ndi chibwenzi, mwina akuchapa matewera. Osowawa ali bwinobwino."

"Wawaona kuti?" ndinamufunsa. "Nanga munthu wokhumudwa angayankhe kalata yochokera kwa omwe anamukhumudwitsa?"

"Aaa, iwenso! Umangoona maliro paliponse."

"Ndipo iwe umavina ng'oma isanalire."

Tinaseka, chifukwa tonse tinkadziwa kuti tikungolosera. Iye sakudziwa, ine sindikudziwa, ngakhale olemba pepalalo sakudziwa. Kenako ndinatsika nalo mpaka ku timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi, momwe amafotokoza chifukwa chomwe aliyense anasowera. Ena anakana okha. Ena makalata anabwerera. Ndipo panali mzere umodzi wakuti: mmodzi anasamukira kunja, wachibale wake anati sakudziwa komwe ali. Mawu amenewo ndi anga, ndine ndinawayankhula.

Tsopano ndikuuze zomwe ndakhala ndikuzengereza. Chaka chachiwiri utachoka kunabwera envulopu yochokera ku chipatalako, ya dzina la Jelmer Wiersma. Nthawi imeneyo makalata onse ochokera ku maofesi amayi ankandisiyira ine. Keyala yako ya ku Bergen inali pa chitseko cha firiji, yolembedwa ndi dzanja lako. Ndinaika envulopuyo m'dirowa ya nsalu za patebulo, n'kumati ndiitumiza mawa. Patapita mwezi kunabwera yachiwiri, kenako yachitatu. Pomaliza anaimba foni namwino wina wa mawu aulemu, akuti, "Pepani mayi, mwina mungatithandize, tikungofuna timve ngati ali bwino." Ine ndikuyang'ana keyala yako pafirijipo ndinati, "Anapita kunja, sitikudziwa komwe ali." Anathokoza, n'kudula.

Ndakhala ndikudziuza kuti unali mkwiyo, ndipo mkwiyowo unalipodi. Bambo anali atangomwalira, iwe n'kunyamula chikwama, kundisiya ndi amayi olira ndi ng'ombe makumi anayi zofuna kukamidwa kawiri patsiku. Ukukumbukira zomwe ndinakuuza pa siteshoni? Ndinati takupatsa zonse zomwe unkafuna, malipiro ake ndi amenewa. Iwe unangoti, "Simunandipatse, munangotopa nane." Mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero.

Koma chachikulu chinali mantha. Ukudziwa kuti ndine ndinalimbana nawe kwambiri pachiyambi. Ndinkati ndi zachibwana, zidzatha monga zinathera zofuna kukhala woyendetsa sitima za pamadzi. Chomwe sukudziwa n'chakuti tsiku lomwe amayi anasaina fomu ya jakisoni, ndine ndinawakankha. Unali utatha masabata awiri usakutuluka m'chipinda, chakudya chikubwerera mmene chapitira. Amayi anagwira cholembera koma osasaina, ine n'kuwauza kuti, "Sainani amayi, kapena mukufuna tidzasaine za kumanda?" Ndiye taona pomwe ndinadziika. Ukanayankha mafunso a achipatalawo kuti uli bwino, ndiye kuti ndinakuzunza pachabe zaka zonse zomwe ndinkakutsutsa. Ukanayankha kuti unanong'oneza bondo, ndiye kuti ndine ndinakulowetsa m'njira imeneyo. Mayankho onse awiri ankandiopsa, choncho ndinatseka dirowa.

Tsiku lomwe ndinaona mzere uja ndinapita kwa abwana athu n'kuulula zonse, poti munthu saloledwa kuyeza pepala lomwe muli wachibale wake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, nati, "Pepala limenelo mulisiye, aliwerenga wina. Zinazo si za ofesi ino." Manyazi omwe ndinatuluka nawo m'menemo sindinawaonepo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikunyoza madokotala kuti amataya anthu awo ngati mabatani a malaya, pomwe batani limodzi linali m'thumba mwanga.

Okke nditamuuza sanandiseke. Anadula buledi wake pakati, chinthu chomwe sanachitirepo munthu, n'kundikankhira theka.

"Ndiye iwe uli ndi mwayi," anatero. "Mwa anthu onse osowawa, mmodzi ukhoza kumufunsa. Ife enafe tizingokangana."

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Ndiye adzakhala wakana yekha. Pano amene wamukanira ndiwe."

Ndasintha sitima pa Zwolle, ndipo ndatsala pang'ono kuiwala kalatayi pampando. Mutu wanga sukugwira masiku ano. Dzulo ndinathira mchere mu khofi.

Pali china chomwe ndikufuna uchimve kwa ine usanachione m'nyuzipepala. Lipoti lathu lituluka mwezi wamawa, ndipo dzina langa lidzakhalapo. Lidzanena kuti umboni womwe ulipo ndi wochepa. Sitikunena kuti mankhwalawo ndi oipa, sitikunenanso kuti ndi abwino. Tikunena kuti ana ambiri sanatsatidwe mpaka atakula, ndipo omwe anatsatidwa analibe anzawo owayerekeza nawo, choncho sitingalumbire. Koma ndikuwadziwa anthu. Ena adzalinyamula ngati chibonga chomenyera, ena adzati tagulitsa ana awo. Makalata ayamba kale kubwera ku ofesi. Mayi wina walemba kuti mwana wake wa zaka khumi ndi ziwiri amalira akamva mawu ake akuyamba kumveka achimuna, ndipo akutipempha tisamutsekere chitseko. Mtsikana wina wa msinkhu wako walemba kuti anasiya mahomoni, mawu ake sanabwerere mwakale, ndipo palibe anamufunsapo mmene akumvera. Onse awiri ndimawakhulupirira. Ndikawerenga wa mayi uja ndimaona iwe m'chipinda muja, ndikawerenga wa mtsikanayo ndimaonanso iwe, ndipo sindidziwa kuti iwe weniweni uli mwa uti. Chomwe ndikuopa n'chakuti udzaona dzina langa pa lipotilo n'kunena kuti, Wietske uja akulimbana nanebe.

Lamlungu ndinapita kwa amayi. Anathira khofi, anatsekula chitini cha mabisiketi, ndinatenga imodzi, iwo n'kutseka monga mwa masiku onse. Ndinadzuka, ndinakoka dirowa ija, n'kuika maenvulopu atatu patebulo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Wietske, makalata a mwini wake?"

"Eya, amayi."

"Zaka zonsezi ali pansi pa nsalu zanga za Khrisimasi?"

"Eya."

"Ndinakulera ine kapena unaleredwa ndi akhwangwala?"

Ndinalira, m'bale wanga, ine wa zaka makumi atatu ndi zisanu, mamina ndi misozi ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Amayi sanandisisite. Anadzuka ndi bondo lawolo, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kabokosi ka nsapato. M'menemo munali makadi asanu ndi atatu omwe wakhala ukuwatumizira pa tsiku lawo lobadwa, a zithunzi za mapiri ndi maboti. Ine sindinkadziwa n'komwe.

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Si iwe unati m'nyumba muno tisamatchule za munthu wothawa ng'ombe?"

Ndinawawerenga onse kufuna kupeza yankho, ngati mmene ndimawerengera mapepala a kuntchito. Iwenso ndiwe wouma mtima ngati ine ndithu. Khadi lililonse mawu ake ndi omwewo: zabwino zonse amayi, muzivala zofunda, ndine mwana wanu wachiwiri. Dzina ayi. Kuseri kwa envulopu ya chaka chino kuli msewu ndi nambala ya nyumba ku Ålesund, dzina ayinso. Keyala yomwe ndagwiritsa ntchito ndi imeneyo.

Ndinawafunsa amayi kuti iwo akuganiza kuti uli bwanji. Anati, "Akanakhala pamavuto sakanakumbukira tsiku langa." Kenako anatinso, "Kapena amalikumbukira chifukwa alibe wina." Ukuona? Ngakhale mwa amayi muli Okke ndi ine, m'thupi limodzi.

Ndisanachoke ndinalowa kuchimbudzi. Kalendala ya masiku obadwa ikadali kuseri kwa chitseko, yomwe ija ya zithunzi za ng'ombe. Ndinatsekula pa Disembala. Pa 3, tsiku lako lobadwa, pali Rixt, lolembedwa ndi inki ya kalekale, ndipo m'munsi mwake pali Jelmer, la pensulo. Pensuloyo ndi yakuda bii, yatsopano. Amayi akuti imafufutika ndi chinyontho, ndiye chaka chilichonse amaibwereza. Akuti sanafune kufufuta loyambalo kapena kulemba lachiwirilo ndi inki asanamve kwa mwini wake.

Maenvulopu atatu aja ndawaika pamodzi ndi kalata ino. Awiri ndi omata. Yoyamba ndinaitsekula Lamlungu lomwelo, undikhululukire kawiri. Kafukufukuyo anatsekedwa kalekale, yankho lako silingalowenso m'pepala lililonse, ndipo dzenje lomwe ndinakumba m'menemo lidzakhala choncho. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndavomera. Koma funso loyamba pa fomuyo ndi lomwe ndalephera kukufunsa zaka zisanu ndi zinayi: kodi masiku ano ukupeza bwanji? Iwo anaika timabokosi tisanu toti uchonge kamodzi. Ine sindikufuna kabokosi. Ngati uli bwino undiuze, ndidzapepesa pa zonse zomwe ndinakutsutsa. Ngati zinakupweteka undiuzenso, ndidzapepesa pa cholembera chija. Ngati zili pakati, monga mmene zimakhalira kwa anthu ambiri, undiuze zapakatizo. Ngati sukufuna kundiyankha, ufulu ndi wako, bola ukhale wakana wekha.

Sitima ikulowa mu Utrecht, anthu ayamba kuvala majekete. Ndikaponya kalatayi pa siteshoni pompano ndisanasinthe maganizo. Pa envulopu ndangolemba kuti Wiersma, kutsogolo kwake ndasiya mpata. Ndikhulupirira wa positi wa kumeneko ndi wanzeru.

Okke akupereka moni ngakhale sakukudziwa, akuti ali ndi chikhulupiriro kuti ukuchapa matewera. Amayi akuti uzivala zofunda. Akutinso ndikuuze kuti pa windo la kuchimbudzi aikapo cholembera cha inki ndi labala, ndipo pa 3 Disembala adzachita zomwe iwe unene.

Ndine m'bale wako amene anadziwa komwe uli,
Wietske