Paipi Yakale ya Matimati

Leamington, Ontario
9 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene Isbrand,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Susana ndi ana nonse muli bwino kumeneko ku Chihuahua. Ife kuno tilipo, kungoti chaka chino kuzizira kwatikhaulitsa. Chipale chafika m'mawondo, ndipo galimoto yanga imachita kunyengereredwa m'mawa uliwonse kuti ilire.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ya kusitolo ija simundipatsa mpata. Mumalankhula nokha mpaka kukhuta, kenako n'kunena kuti pali ena akudikira foni. Lero mumva zanga mpaka kumapeto, mukatha mukhoza kukolezera moto pepalali.

Mwati ndiwatumize Ababa kumeneko Pasaka isanafike. Mwati ndawachititsa manyazi, munthu wamkulu kulowa m'tchalitchi akununkha chamba. Yankho langa ndi lakuti Ababa sapita. Ndanena poyambirira pomwe kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu.

Zoti ananunkha, ananunkhadi, sindikana. A Banman, amene amakhala nawo benchi imodzi kumbali ya abambo, anachita kusuntha nyimbo ili mkati, ndipo akazi awo anaimba foni ku Mexico ife tisanamwe n'komwe khofi wa masana. Mayi amene aja akadakhala ofulumira choncho pokaona odwala, bwenzi tikuwatamanda. Koma sanakuuzeni kuti mafuta amene amuna awo amapaka m'mawondo amachokera ku mbewu yomweyi, ndipo amakagula ku Windsor kuti anthu a mpingo asawaone. Sanakuuzeninso chimene Ababa analowera m'chipinda cha chamba, chifukwa sachidziwa. Chimenecho ndikuuzani ndine.

Nyumba imene ndimagwiramo ntchito mukuidziwa, ndi ya magalasi ija munkathyolamo matimati musanakwatire. Eni ake atsopano anatseka magalasi onse, anapachika nyale, ndipo tikulima chamba ndi chilolezo cha boma, makamera pakhomo lililonse. Ababa anawasunga pa ntchito chifukwa palibe wina amene amadziwa kumene mapaipi akale aja amalowera. Boyila yowiritsa madzi otenthetsera nyumba amayendetsa ndi bambo wina wa ziphaso zake, Ababa amangoyendera mapaipi, kumva podontha ndi potentha. Tsiku loyamba lomwe anauza akulu a mpingo kuti: "Ine ndimatenthetsa nyumba basi. Chimene chikumera m'katimo sindichiona, sindichikhudza." Ndipo anasungadi mawu awo. Akamadutsa pa zitseko za zipinda zolimamo ankayang'ana kukhoma.

Ine ntchito yanga ndi madzi. Mbewu zathu sizidziwa dothi, mizu imangolendewera m'madzi oyenda kuchokera m'mathanki akuluakulu. Madziwo ayenera kukhala ozizirira, cha m'madigiri 19. Akatentha, mpweya umathawamo, mizu imabanika, kenako imayamba kuwola. Nyale zija zimatentha, mapampu nawo amatentha, choncho ngakhale kunja kuli chipale ife timayatsabe makina oziziritsa madzi. Ababa zimenezi sanazivomerepo. Amati ndi misala kuwotcha nyumba ndi dzanja ili, kwinaku ukuziziritsa madzi ndi dzanja linali.

Mwezi wathawu, madzi a thanki yaikulu anayamba kukwera pang'onopang'ono. Thanki imeneyi imamwetsa chipinda cha mbewu zimene timazitcha amayi, chifukwa ndi kumene timadula nthambi zobzala m'zipinda zina zonse. Zikafa zimenezo, nyumba yonse yaima. Foni yanga inkangolira kundichenjeza. Ndinatsuka zosefera, ndinayang'ana mapampu, ndinachepetsa nyale, koma madzi osamva. Everton, mnzanga wa ku Jamaica amene timagwira limodzi, anaviika chala m'thanki n'kunena kuti, "Asisi Justina, masamba a tiyi muikamo liti? Ine kapu ndabweretsa kale."

Ndinaitana wokonza makina oziziritsa. Anawamasula, anawamvetsera, kenako anapukuta m'manja. "Mayi, makina anuwa alibe vuto, akukoka ngati bulu. Koma pali china chake chikuwakokera kumbuyo. Chifufuzeni chimenecho, ine musandivutitse."

Pofika Lachisanu madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda. Nditatsegula chitseko cha chipinda cha mbewu za amayi zija, fungo linandiuza zonse ndisanaone kanthu, fungo la maluwa oiwalika m'botolo. Ndinanyamula mbewu imodzi. Mizu imene imakhala yoyera mbee inali yoderako, yoterera, ikusupuka m'zala. Achimwene, ndinalira pomwepo, ine amene mumati ndili ndi mtima wa mwala.

Nditapukuta misozi ndinavula magolovesi n'kuyamba kuyenda ndikugwira paipi iliyonse ndi dzanja. Kuseri kwa thanki, m'kanjira kopanikiza kaja munkabisalamo mukamathawa ntchito, ndinagwira paipi yakale ya nthawi ya matimati, yodutsa pansi pa thanki. Tonse tinkaiyesa yakufa. Inandiwotcha. Ndinaitsatira mpaka pa kagudumu kofiira kotsegulira madzi a ku boyila, ndipo kanali kotsegula mpaka kumapeto. Pa kagudumupo panali patamangidwa chingwe chomangira matimati, mfundo ziwiri ndi kamchira kolendewera. Mfundo imeneyo inunso mukuidziwa. Ndi mmene Ababa amamangira akatsegula paipi, kuti wina asabwere kudzatseka.

Ndinatseka, ndinadula chingwecho, n'kupita nacho kumene anali. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, akuswa mpendadzuwa ndi mano, makoko akulavulira m'chitini.

"Ababa, ichi mwamanga ndinu?"

"Nanga angamange ndani? Ndinagwira thanki ija, inali yozizira ngati mtembo. Iwe ukufuna kupha mbewu za eni ake? Matimati amadana ndi madzi ozizira, ndinakuphunzitsa uli wamng'ono. Mwezi wa Januwale mizu imafuna kufunda."

"Matimati ake ati, Ababa?"

"Iwe mwana, ukundifunsa ngati wabwera lero. Pita ukafunse amayi ako ku mzere wawo wa matimati, akuuza."

Amayi tinawaika m'manda inu mulipo, munanyamula nawo bokosi. Ndinangoima, chingwe chili m'manja. Iwo anandiyang'ana, anayang'ana chovala changa choyera ndi kaukonde ka kumutu, ndipo ndinaona nkhope yawo ikubwerera pang'onopang'ono kuchokera kumene inali. Anaika chitini pansi. "Justina," anatero, "ndachita chiyani?"

Apa ndi pamene sindinkafuna kufika m'kalatayi, koma ndafika. Si koyamba. Chiyambire chilimwe chatha amandiitana dzina la Amayi, tsiku lina anasochera pochokera kogula buledi, msewu umene ayendamo zaka zambirimbiri. Dokotala wawaona ndipo wanena kuti ndi matenda oiwala, sizibwerera m'mbuyo. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkadziwa kuti mudzanena zomwe mwanenazi, ngakhale popanda fungo la chamba.

Abwana athu, mayi Lachance, anandiitana mu ofesi masana omwewo. "Justina, mapaipi sadzitsegula okha. Ndiuze dzina limodzi basi." Ndinawapatsa langa. Ndinati ndinapempha Ababa kuti ayese ngati paipi yakaleyo ikadali yamoyo, ndiye ndinaiwala kuwauza kuti atseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndikalakwitsanso chotere ndikatenge jekete langa ndizipita. Ndinanama, inde, ndipo bodza limenelo ndikambirana ndi Mulungu ndekha, osati ndi a Banman.

Loweruka tinasonkhana onse amene anali ndi manja. Madzi sungawagwetse kuzizira nthawi imodzi, mizu yodwala imadzidzimuka n'kutheratu, ndiye tinkawatsitsa pang'onopang'ono, kwinaku tikutaya akale, kutsuka mathanki ndi ngalande zonse. Ntchito yowawa inali yonyamula mbewu imodziimodzi, kudula mizu yowola, kutsuka yotsala. Tili mkati, ndinamva kugogoda pa galasi la chitseko. Anali Ababa, atavala chovala choyera pamwamba pa juzi lawo la ubweya, kaukonde kali pa dazi.

Ndinatuluka. "Ababa, simukuyenera kulowa muno. Munalonjeza kumpingo."

"Mizuyo ndaiphika ndine. Ndikhale panja ndizimva kuti ikufa? Mbewu sinachimwire munthu. Tsegula chitseko."

Mayi Lachance anavomera ndi mutu, ndipo ndinatsegula. Everton atawaona anafuula kuti, "Madala, kaukonde ka tsitsi mwavaliranji? Tsitsi lake lili kuti?" Iwo anangomulanda lumo n'kunena kuti, "Iwe gwira ntchito, pakamwa pakopo ndi pamene pakutenthetsa madzi." Chipinda chonse chinafa ndi kuseka, ngakhale abwana.

Ndikadakonda mukadawaona. Manja aja amene amanjenjemera akagwira sipuni, pa mizu sananjenjemere. Ankainyamula ngati tsitsi la mwana, kudula pofunika, kutsuka, kubwezera, osafunsa kuti ndi mbewu yanji. Tsiku lonse sanandiitanepo dzina la Amayi. Pafupifupi theka la mbewu zija tinataya, zinali zitapitirira. Zotsalazo zatulutsa mizu yatsopano yoyera, ndipo dzulo tadulako nthambi zoyamba.

Juzi lomwelo ndi limene anavala kutchalitchi m'mawa mwake. Ndinaliika pambali kuti ndilichape, iwo analitenga ine ndikusamba, ndipo ndinazindikira tili kale m'galimoto. Ndinaganiza zobwerera. Kenako ndinati ayi, munthuyu walakwa chiyani choti tibise? Anawononga, anavomera, anakonza ndi manja ake. Ngati mpingo ukuona kuti fungo limenelo ndi loipa kuposa miseche, ulankhule ndi ine, pakhomo panga akupadziwa.

Tsopano mundiuze, kumeneko mukawaika pati? M'kachipinda kakuseri kwa nyumba yanu, pa mpando woyang'ana munda wa chimanga umene sanalimepo? Anachoka ku Chihuahua ali mnyamata. Anzawo a nthawi imeneyo ambiri anapita, otsalawo sawazindikira. Kuno akalowa m'kanjira ka mapaipi amadziwa kuti iyi ikupita kuti, iyo inaphulika chaka chiti, ndipo amayenda mowongoka ngati munthu amene akufunika. Kumeneko mukawasunga bwino, sindikukayika, alamu anga ndi munthu wa mtima wabwino. Koma pakatha mwezi umodzi akhala asakudziwa kumene ali, ndipo mukayamba kukhoma chitseko kuti asasochere.

Sindine wopusa, achimwene. Kagudumu kofiira kaja ndinakadulitsa ndi sowo, paipiyo anaiwotcherera, ndipo wa boyila uja ndamunong'oneza kuti aziwayang'anira. Ndikudziwa kuti tsiku likubwera loti ndiwalande makiyi, mwina chilimwe chisanafike, ndipo tsiku limenelo ndidzawauza abwana zoona zake zonse. Koma makiyiwo ndidzawalanda ndine, amene ndimawameta, kuwadula zikhadabo ndi kuwapeza akasochera. Sadzalandidwa ndi foni ya kusitolo chifukwa mphuno ya a Banman yakhumudwa. Ntchito yanganso sindisiya. Ndimaidziwa, ndimaikonda, ndipo sindichita nayo manyazi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Susana, muwauze kuti nsalu ya maluwa ija anaifuna ndaipeza, ndidzapatsira aliyense wobwera kumeneko. Moni kwa Helena, Johan ndi kamtsikana kamene sindinakaonebe. Moni kwa azakhali a Judith ngati akumvabe. Akulu a mpingo kumeneko mukhoza kuwawerengera kalatayi yonse, osadumpha ndime ya mawondo.

Ababa nawonso akupereka moni. Ali pano patebulo pamene ndikulemba, akumwa khofi. Andifunsa kuti ndikulembera ndani, ndawauza kuti Isbrand. Aseka, akuti munthu amalembera bwanji kalata mwana woti ali pabwalo pomwepa akusewera pa chipale. Akuti ndikuuzeni kuti mulowe m'nyumba musanazizidwe, ndipo muvule nsapato pakhomo. Adzuka kawiri kukasuzumira pawindo.

Ndiye ngati mukufunadi kuwatenga, musatume munthu, musaimbe foni. Bwerani nokha, mudzakhale pa tebulo ili, mudzawauze pamaso kuti achititsa manyazi banja. Ine ndidzakukanizanibe. Koma bwerani, achimwene, ndipo musadikire Pasaka. Bwerani dzina lanu akadalidziwa.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Justina