Mivi Iwiri ya Mpweya

Golomoti,
16 Ogasiti 1958

Okondedwa achimwene a Gilbert,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Halale pamodzi ndi alamu. Ife kuno tili bwino, mwana wathu Maliya yekha ndiye akuvutika ndi mano akumera.

Kalata yanu ndinailandira. Mwabwerezanso kuti amuna anga a Laisoni ndi munthu wa manja akuda opanda tsogolo, ndibwerere kwathu ku Mua. Imvani kaye zimene zachitika, mukatero muweruze.

Mwini galaja kumene amagwira ntchito anagula lole yaikulu yokoka ngolo, yotsitsa matabwa kuchokera ku Dedza kudzafika pa siteshoni pano. Mabuleki ake ndi a mpweya. Dalaivala wake, a Mussa, anadandaula kuti potsika phiri ngolo imawakankha kumbuyo. Bwanayo anati ndi mantha chabe, Lachiwiri anyamuke.

A Laisoni anakana kuitulutsa osaiyesa. Bwana anati ikapanda kunyamuka masana, atenge zitsulo zawo azipita.

Apa ndiulule, achimwene. Nditapita ndi tiyi m'mawa ndi kumva zimenezi, ndinawakokera pambali ndi kuwauza kuti angomvera, tili ndi mwana. Anandiyankha kuti a Mussa ali ndi ana asanu. Ndinachita manyazi.

Kenaka anandipempha kuti ndisachoke. Anamanga geji imodzi ku mutu wa lole, ina pa paipi yofika ku mabuleki a ngolo. Geji ndi kawotchi kokhala ndi muvi woonetsa mphamvu ya mpweya. Pankafunika munthu wowerenga ya kumbuyoyo, ndipo anati ine ndinaphunzira manambala kwa masisitere, ndigwade pamenepo ndizitchula mokweza.

A Mussa anaponda buleki. A Laisoni anatchula sikisite. Muvi wanga unayamba wazengereza, n'kukwawa mpaka sate, n'kuima. Tinabwereza kanayi, osasintha. A Laisoni anandifotokozera kuti mutu ukugwira wokha, ngolo ikugwira mochedwa ndiponso theka, ndipo itadzaza matabwa ikhoza kupinda lole pakona n'kuigwetsera kuphompho.

Bwana anati mwina mkazi sakuwerenga bwino. Ndinamuuza kuti agwade aone yekha. Anagwadadi, ndi kabudula wake woyerayo, ndipo atadzuka analola kuti a Laisoni aikonze.

A Laisoni anamasula mapaipi imodziimodzi mpaka dzuwa linapendeka. Mukudziwa chimene anapeza? Ngoloyo inakhala panja dzinja lonse isanagulidwe, ndipo mavu anamanga nyumba ya dothi m'kamwa mwa paipi. Dothilo linalowa mpaka mu valavu, kachitseko kotsegula ndi kutseka mpweya. Anatsuka zonse ndi palafini n'kubwezera.

Tinayesanso. Iwo sikisite, ine sikisite, mawu athu kutulukira pamodzi. Pa twente chimodzimodzi, pa fote chimodzimodzi. Kenaka a Mussa anathamangitsa lole pa msewu wa fumbi n'kuponda. Inaima chilili, mikwasa ya matayala onse yofanana kutalika.

Lachinayi a Mussa anatsika phiri ndi matabwa odzaza. Atafika anabwera kwathu ndi mkazi wawo a Asiyatu, atanyamula chambo zinayi. A Asiyatu anangondigwira manja onse awiri.

Tsopano bwana walamula kuti ngolo iliyonse isachoke a Laisoni asanaiyese, ndipo anthu a pa siteshoni ayamba kunditcha mayi geji. Ndikamva ndimayenda mowongoka.

Pempho langa ndi ili. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu amamveka kwa amayi. Lekani kuwalembera zoti ndichoke pa banja. Pa Khirisimasi mukatsika sitima, musapitirire ku Mua musanalowe m'nyumba mwathu. Mudzawapatse moni a Laisoni pa dzanja, ngakhale litakhala ndi girizi. Ine kuno sindichoka.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndiponso kwa a Kaliati a kwathu aja ngati mumaonana nawo kutchalitchi. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu.

Ndine mlongo wanu,
Katerina