Asiya Ana Anayi

Lolemba, 10 Julaye

A Gervazio Zikhalo amwalira m'mawa uno. Shuga. Msilikali wakale, mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo. Bambo anga, ngakhale mawu amenewa sindinawatchulepo pamaso pawo. Kwa ine anali "aphunzitsi", monga kwa mwana wina aliyense.

Wandiimbira ndi Rafaelo, mwana wawo wa m'banja. Akuti, "Asisi Jesinta, inu munafika kukoleji ya uphunzitsi, mutilembere mbiri ya malemu, mukawerengenso ndinu." Asisi! Lero! Imfa ndi mankhwala ndithu, yatsegula pakamwa pa Rafaelo.

Minibasi mpaka pa Chimbiya, kenako kabaza. Chisanu cholowa m'mafupa.

Lachiwiri, 11 Julaye

Pasiwa. Nkhungu tsiku lonse. Ndikulemba pabondo.

Msilikali: analondera njanji ya ku Nacala, nabwerako ndi chipsera pamsongolo. Chipserachi tinachiphunzira kuposa mapu a Malawi.

Mphunzitsi: ana kuguba asanalowe m'kalasi. Wina akaphonya samu, chikwapu chimodzi. Ine ziwiri, kuti anthu asati akukondera. Chikondi cha bambo ndinachilandirira kumatako.

Wokonda banja: apa sindinama. Lamulungu lililonse ulendo wa ku Misa ku Kasina, iwo patsogolo, akazi awo a Magadalena pambuyo, ana anayi pamzere potsata msinkhu. Njira yake yodutsa pakhomo pathu penipeni. Amayi pakhonde, iwo maso kutsogolo ngati ali paperete.

Masana a Magadalena andiitanira kuchipinda. "Ulembe kuti asiya ana anayi. Ukawonjezera, mpingo ungakane kuyimbira maliro." Bodza. Mpingo unakhululuka ine ndisanamere mano. Amene sanakhululuke ndi iwo. Chonsecho akulankhula akuyang'ana makutu angawa, otambalala ngati a uyo wagona pabalazayo. Mudzi wonse umawadziwa makutu amenewa.

Ndapita kwa amayi. Akuti, "Sindinawapemphepo kanthu anthu amenewo, ngakhale sopo. Mawa ungokadziwerengera m'gulu la ana awo basi. Ndikaima kutsogolo kuti ndimve."

Ndalemba: asiya ana asanu. Ndadindiza cholembera mpaka pepala kubooka.

Lachitatu, 12 Julaye

Taika.

Lachinayi, 13 Julaye

Zadzulo. Ndilembe, mwina zichoka pakhosi.

Kumanda anthu ngati msika. Kwaya, asilikali awiri okalamba, chipewa cha malemu pamwamba pa bokosi. Ndinawerenga mokoma, munthu wa kukoleji. Za njanji anagwedeza mitu. Za kuguba anaseka. Amayi anaimadi kutsogolo, atavala chitenje chawo cha Pasaka.

Ndinafika pamzere uja. Papepala asanu. Ndinakweza maso, n'kuona chipewa. Miyendo inangoima yokha mowongoka ngati ndili Sitandade 6. Munthu ali m'bokosi, chikwapu chinadyedwa ndi chiswe kalekale, koma ine mantha.

"Anayi." Pakamwa panga. Palibe anandigwira pakhosi.

Nkhata: akazi a malemu, ana, zidzukulu, a mpingo. Ine anandiitana ndi ophunzira akale. Tinayala nkhata imodzi anthu khumi ndi awiri, aliyense kugwirako tsamba.

Lero Rafaelo wabwera ndi thumba la mbatata ya kachewere. "Zikomo, aphunzitsi." Usisi watha, unali wa masiku atatu.

Loweruka, 15 Julaye

Amayi chichokere kumanda osandilankhula. Madzi osamba akundiikira, moni ayi.

Lero akhala pakhonde pomwe paja, akusenda mbatata za Rafaelo. Osandiyang'ana, akuti, "Unawerenga bwino, mwanawe. Osanjenjemera. Maso kutsogolo ngati sukundiona. Amene ankakayika, pano akhulupirira kuti ndiwedi wa a Zikhalo."

Mbatatazo tadya. Zinali zokoma, tsoka lake.