Odi Wanga kwa Maki

Lolemba, 9 Disembala 2002

Mvula kuyambira m'mawa. Matola ya ku boma yodzaza, ndinakhala pathumba la makala, disiketi ili m'jumbo, jumbo m'bulauzi. Ku kefe ya intaneti laini kuvuta monga mwa masiku onse. Italumikiza, imelo ya Maki palibe.

Odi wanga wagona kuchokera mwezi watha.

Lamulo ndi la Maki yemweyo, dzina lake lenileni Macdonald. Analiika pomwe tinkayamba Zala, kapulogalamu kathu kophunzitsira ana kutaipa m'Chichewa, iye akuphunzitsabe pasukulu pathu pano. Aliyense akhoza kukakopera, kukasintha, kukagawa ulere. Koma zosintha zako kuti zilowe m'nkhokwe yaikulu ya pa seva, kompyuta ya pa intaneti yosunga pulogalamuyi, umayamba watumiza imelo ya mutu woti "Odi", n'kufotokoza chomwe wakonza. Woyang'anira, ndiye Maki, akaziona amayankha "Odini". Pamenepo ndiye ukomite, kutanthauza kuzilowetsa m'nkhokwemo. Ankati, "Kukhala ndi pasiwedi si kuloledwa. Ngakhale khomo lili pululu, munthu woleredwa bwino amaodira."

Ndinakonza vuto lija loti kompyuta zakale zimauma mwana akamaliza phunziro lachisanu, mamalikisi onse n'kutayika. Ntchito yabwino, ndikudziwa ndekha. Ndikungofuna aione iye.

Lachitatu, 11 Disembala

Sukulu yatsekera. Ndinapita kukafunditsa nsalu makompyuta, mchenga wa kunyanja kuno umalowa paliponse. Mpando wa Maki ukadali pakona, uja wa mwendo womanga ndi waya. Sindinaukhale.

Chipitireni kusukulu ku Joni mu Ogasiti. Poyamba "Odini" ankabwera tsiku lomwelo, pansi pake timizere tina: kuzizira, buledi wa kumeneko, kufunsa ngati usipa wayamba kugwidwa. Nthawi zina ndinkakonza kanthu kosafunika n'komwe kuti ndipeze chifukwa choodira. Kenako timizere tija tinatha, kutsala "Odini" yekha. Pano zii.

Ndamusowa. Ndalemba basi, pepala silinena kwa munthu.

Lolemba, 16 Disembala

Robert anaimba foni ku ofesi ya ahedi kuchokera ku Lilongwe. Ndi wachitatu wathu pa Zala, amene amakopera pulogalamuyi pa masidi n'kumagawa m'masukulu. Akufuna masidi atuluke sukulu zisanatsegulire pa 6 Januwale, vuto la phunziro lachisanu litachoka. Akuti, "Achemwali, ingokomitani. Tinavota kale, za pulezidenti wamuyaya zinatha."

Ndinaseka, kenako zinandinyansa. Ndinati tidikire sabata ino yokha. Akuti ndikulondera nyumba ya munthu woti anasamuka.

Robert pakamwa mpeni. Koma pa ntchito si waulesi, ndisamunamizire.

Lachisanu, 20 Disembala

Robert wakomita! Osaodira, osandiuza. Zonse mtolo umodzi: zokonza zanga zomwe ndinamutumizira kuti angoyesa, mitundu yake yobiriwira, ndi maphunziro osinthidwa. Pa malo ofotokozera zomwe wachita walemba liwu limodzi: "zinthu". Zinthu! Maki amafuna nkhani imodzi pa kukomita kumodzi, yofotokozedwa moti ngakhale mlendo amve. Dzina langa palibe paliponse. Maki akatsegula aona Robert yekhayekha.

Chondiwawa koposa, wachotsa ziganizo zoyeserera kutaipa zomwe Maki analemba. "Asodzi akoka khoka." "Mwera wavuta, bwato lisapite." Tinazipeka awiri pakhonde la sukulu, iye akulemba ine ndikutsutsa. Robert waika za minibasi ndi msika wa ku Lilongwe, akuti ana a m'tauni khoka salidziwa.

Ndinabweza zonse, nkhokwe yabwerera momwe Maki anaisiyira. Ndinatuluka m'kefe ndili wokhutira ngati ndapambana mlandu.

Loweruka, 21 Disembala

Imelo ya Robert, mzere umodzi: "Nanga inu pobweza zija munaodira kwa ndani?"

Ndinaiwerenga kawiri. Zoona. Kubweza nakonso n'kukomita. Ndalowa popanda odi pofuna kulanga wolowa popanda odi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pobwerera ndinatsika matola msanga n'kuyenda wapansi, kuti anthu asandione nkhope.

Lachisanu, 27 Disembala

Khirisimasi yadutsa. Mpunga, nkhuku, kwaya. Ndinapitabe ku boma dzulo, kefe yotseka. Amayi akuti, "Iwe Eveles, ku boma tsiku ndi tsiku ngati uli ndi wodwala m'chipatala?" Malipiro a mwezi uno athera matola ndi kefe. Sopo ndagula wodula pakati.

Lero Robert walemba zazitali. Akuti ndikapitiriza chonchi atenga kope yake, aitche dzina lina, ayendetse yekha. Chilolezo cha pulogalamuyi chimamulola, sindingamuletse. Masiku ano aliyense akakwiya amayambitsa chipani chake. Zala ziwiri, anthu atatu, wina woti sayankha.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi ichi. Pobweza za Robert ndinabwezanso vuto lomwe ndinakonza ndekha. Masidi akatuluka lero, ana a ku Dedza ndi ku Mchinji makompyuta aziwaumirabe pa phunziro lachisanu, chifukwa aphunzitsi ena a kuno ku Salima akudikira liwu limodzi lochokera ku Joni. Ana alakwa chiyani?

Ndamulemberanso Maki. Mutu: "Odi, odi kuno". Ndinafotokoza zonse, za Robert, za kubweza kwanga. Pansi ndinalemba zina zosakhudza Zala. Ndinazifufuta ndisanatumize.

Lachinayi, 2 Januwale 2003

Wayankha.

Nditaona dzina lake ndinayamba ndatseka maso. Si "Odini". Walembera tonse awiri, ine ndi Robert, kalata imodzi. Akupepesa kusowa. Wapeza ganyu pakampani ina, usana sukulu, madzulo ntchito, ndipo akamaliza maphunziro amulemba ntchito konko. Akuti tonse tinalakwa ndipo tonse tinali ndi mfundo. Kenako: "Kuyambira lero woyang'anira Zala ndi Eveles. Odi aliyense azipita kwa iye. Kwa ine musatumizenso, sindikhala ndi mpata woziona."

Wasintha kale pa seva. Pomwe panali dzina lake pali langa.

Akuti ndine wosamala kuposa iye. Mawu abwino. Ndinawayang'ana nthawi yaitali kufuna kamzere kena pansi, ka ine ndekha. Za usipa sanafunse.

Loweruka, 4 Januwale

Maimelo atatu ochokera kwa Robert, iliyonse mutu wake "Odi". Wagawa bwinobwino: vuto la phunziro lachisanu payokha, dzina langa lili pamenepo, mitundu payokha, ziganizo payokha. Za nyanja wazisiya momwe zinalili, za minibasi wangowonjezera. Kumapeto akuti, "Odi kumpanda, amayi pulezidenti."

Chitsiru. Ndinaseka ndekha m'kefe mpaka anthu kutembenuka.

Awiri ndayankha "Odini". Ya mitundu ndamubwezera, zobiriwira zake siziwerengeka pa masikirini athu akale. Sanatsutse. Masidi atuluka mochedwa pang'ono, koma atuluka. Za kope yakeyake sakuzitchulanso.

Ndimayenera kukondwa. Amayi akuti ndaonda.

Lachitatu, 8 Januwale

Sukulu yatsegulira. A Fomu 1 atsopano, zala zouma ngati chinangwa. Mtsikana wina wamaliza phunziro lachisanu, kompyuta osauma, anaimirira kuwomba m'manja.

Ndapeza kavuto kena, nambala ya phunziro imasowa ukabwerera m'mbuyo. Kakang'ono. Ndinakakonza pa buleki, masana ulendo wa ku boma.

Ndinakhala pansi, kutsegula imelo, kulemba mutu "Odi". Adiresi ya Maki zala zinalemba zokha. Ndinafika pakati pofotokoza ndiye ndinakumbuka.

Ndinafufuta. Ndinakomita. Zinalowa nthawi yomweyo, popanda wondifunsa kanthu.

Ndinakhalabe pampando, nthawi yolipira ikupita. Mtsikana wa pakefe anabwera: "Aphunzitsi, mwamaliza?"

Ndinati ayi, ndikudikira imelo.