A Aaron Asiya Zoyimira Ukhansala

Euthini, Mzimba

Okondedwa Azakhali a Esme,

Ndikhulupirira muli bwino ku Balakako, ndipo mwendo uja ukupola. Ife kuno tadzuka, chimanga takolola.

Mtima wanga wakhala pansi, Azakhali: amuna anga a Aaron sayimiranso ukhansala. Paja amachita zisudzo pamsika, ndipo chaka chatha ankasewera ngati phungu wachifundo wokumbira anthu mijigo. Anthu anayamba kuwatchula Onolebo ngakhale kutchalitchi. Kenaka anthu a chipani china anabwera pa pikapu kudzawanyengerera, iwo n'kuvomera.

Amene anawabweza ndi Sisitere Marisol, namwino wa ku Philippines amene amagwira ntchito kuno. Anatiuza za mlongo wawo, yemwe m'mafilimu a kwawoko ankasewera ngati womenyera nkhondo amphawi. Anthu anamuvotera, nakhala meya. "Ankafuna munthu wa mufilimu uja," anatero Sisitere. "Madzi atasefukira n'kugumula nyumba zawo, iye n'kusowa chochita, anamugenda pamaliro a mayi athu."

Titafika kunyumba kuchokera kwa Sisitere, a Aaron anati, "Nelia, mbwenu mjigo weniweni ine ndingaukumbe ndi chiyani?" M'mawa mwake anakabweza malaya a chipani.

A pikapu aja sanakondwe. Zimene ananena pakhomo pano sindingazilembe, koma ana ndayamba ndawatumiza kwa agogo awo ku Engutwini. Musade nkhawa chomene.

Loweruka a Aaron akukaseweranso pamsika, ulendo uno ngati wakuba nkhuku. Ameneyo ndiye palibe angamuvotere, ndipo ine ndikakhala kutsogolo kwenikweni.

Yewo, mutipempherere.

Ndine mwana wanu,
Nelia