Maluwa Amene Munabzalira Maso a Ada

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Kande tilipo. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Dedza, chija azilamu anu ankakusekani nacho, kuti nkhani ndili nayoyi muimve bwinobwino. Koma ndiyambe ndi zing'onozing'ono, paja munkadana ndi munthu woyamba nkhani yaikulu asanakhale n'komwe pansi.

Chinangwa chachita bwino chaka chino, ngakhale anyani atilawira mbali ya kuphiri. Mkazi wa mwana wanu Wongani wabereka mwana wamwamuna, wamphuno yanu ndendende. Wonganiyo akuphunzitsabe ku Mpamba, ndipo Chingerezi chamukwera m'mutu kuposa kale. Nyanja yakwera mpaka yadya mchenga wa kuloji komwe ndimaphika, moti alendo akuwothera dzuwa pa kapinga.

Tsopano za Ada, bambo athu. Munawasiya ng'ala itatseka maso onse awiri, ndipo maliro anu anangowamva ndi makutu. Chichokereni inu, amangokhala pakhonde, pafupi ndi mpando wanu uja, ndipo salola wina kuukhalira.

Mwezi wathawu kuchipatala kunabwera madokotala a maso, ndiye ndinawakweza minibasi. Dokotala wake anali wachinyamata, wa Chichewa chosakaniza. Anandifunsa kuti, "Vision yawo inayamba liti kuvuta?" Ine mawu amenewo ndinkawadziwira kutchalitchi, womasulira akamati masomphenya. Ndinamuyankha mwaukali kuti Ada ndi mkulu wa mpingo, za masomphenya akafunse kumatchalitchi oimba ng'oma aja. Mnyamatayo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandiuza kuti akunena za kuona kwa maso basi. Manyazi anandigwira, Amayi, ndinalakalaka nditalowa pansi pa benchi.

Atawaunika, anati opaleshoni itheka. "Vision ibwerera, koma sikhala ideal." Apa sindinafune kuchitanso manyazi. Ndinangogwedeza mutu, n'kutuluka kukaimbira Wongani.

Mwana wanu uja anasangalala ngati ndamupatsa kalasi. Anati ideal ndi chithunzi changwiro chimene munthu amasunga m'mutu, chopanda banga, chimene amayezera zinthu zonse, koma pansi pano sichipezeka. Vision ndi kuona. Ndi kuona kwa maso, inde, komanso ndi kuona chinthu chisanafike ngati chafika kale, n'kuyamba kuchigwirira ntchito. Anatinso ine sindinalakwe kwenikweni, chifukwa masomphenya nawonso ndi mawu omwewo.

Titafika kunyumba ndinawafotokozera Ada zonsezi. Ndinkayesa akondwera, koma anakana. Anati, "Yewo, mwana wanga, koma ndisiyeni. Ngati changwirocho dokotala alibe, ine ndili nacho kale. M'mutu mwangamu mayi ako akadali pakhonde pano, akusenda chinangwa, alibe ndi imvi yomwe. Mukanditsegula maso ndidzaona mpando wopanda munthu."

Madokotala aja sanabwere kudzakhalitsa, ndipo ndinadziwa kuti akachoka, Ada adzakutsatirani kumeneko asanaonenso dzuwa. Wongani anabwera, analankhula Chitonga, Chichewa, mpaka Chingerezi, koma Ada sanasinthe maganizo. Mawu anu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndinawakumbukira, koma kunena zoona anangondikwiyitsa.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinatopa ndi maluwa ofiira aja amene amayoyoka pakhonde. Ndikung'ung'udza choncho, ndinakumbukira kumene anachokera. Munandiumiriza kuti ndikakudulireni timitengo ta maluwa aminga aja oyanga pampanda wa kuloji. Nthawiyo n'kuti Ada atasiya kale kuona, inunso chifuwa chitayamba. Munkatithirira ndi madzi otsukira mbale, Ada akudandaula kuti minga ikuwabaya akamapapasa njira. Ine ndi Wongani tinkakusekani kuti maluwa n'ngachiyani kwa munthu wosaona. Munatiyankha osatembenuka: "Sindikubzalira maso alipowa. Ndikubzalira amene akubwera."

Tsache linandigwa m'manja. Ndinapita kwa Ada n'kuwauza mawu anuwo monga munanenera, osawonjezera kanthu. Anasisita dzanja pampando wanu. Kenako anati ndiwachapire malaya oyera aja, tipite kuchipatala.

Anawachita diso limodzi lokha. Atawachotsa bandeji, Ada anandiyang'ana kwambiri, n'kunena kuti, "Esinati, wakalamba." Ndinaseka ndikulira.

Koma chimene ndakulemberani kalatayi ndi cha panjira. Titatsika minibasi, anakana kuti ndiwagwire dzanja. Tinadutsa m'munda wa chinangwa, titakhota pamtengo wa mango paja anaima. Amayi, inenso maluwa aja ndinali ndisanawayang'anepo bwino, ndinkangowasesa. Akwera khonde lonse, adutsa padenga, alowa mumtengo wa mango mpaka kunsonga. Nyumba yonse inali psuu, kuseri kwake nyanja ili mbee. Ada anavula chipewa monga amachitira polowa m'tchalitchi.

Mpando wanu anauona. Unalidi wopanda munthu, ndipo analira, sindikubisirani. Koma pampandopo panali patagwera maluwa. Anatola limodzi, n'kuliyandikiza ku diso latsopanolo, nati: "Mayi ako anandiona ndikuona izi."

Mpaka lero ndikaganiza ndimachita mantha. Munadziwa bwanji? Madokotala aja n'kuti palibe amene ankawaganizira, inunso munkadziwa kuti masiku anu atha. Chithunzi cha Ada chija chinali chokongola, koma chinkangokhala pamodzimodzi ndi kuwasunga mumdima. Chanu chinali ndi minga, chinkamwa madzi otsukira mbale, koma chinapitiriza kukula inu mutagona kale. Ndiye kuti dokotala uja ndinamukalipira pachabe. Masomphenya pakhomo pano analipo, kungoti mwini wake ankayenda ndi chidebe.

Ada saona zonse bwino. Zakutali zimawachitira chifunga, ndipo zilembo za m'buku la nyimbo zikuwavutabe. Koma dzulo aona mdzukulu wawo, ndipo atsimikiza kuti mphunoyo ndi yanu.

Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi tibwera kumanda, kuti Ada aone pamene munagona. Akuti adula okha kamtengo kamodzi kuti adzabzale kumutu kwanu. Wongani akuti maluwawo ayamba kutukula malata, tiwadule. Ndikukulonjezani, Amayi, kuti ndili moyo palibe adzawayandikire ndi chikwanje. Denga likadontha tidzatchera beseni.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene ankakusekani uja,

Esinati