Chogwirira cha Buleki ya Kumanzere

Lolemba, 6 Meyi

Achimwene aimbanso. Akuti pa 18 akubwera ndi galimoto kudzatenga Adadi. Sanandifunse, angondiuza ngati akuuza wantchito wawo. Akuti, "Wayesetsa iwe, koma zakukulira."

Zandikulira? Ine amene ndakhala ndikuwasambitsa Adadi chidwalireni sitiroko, kuwameta ndevu, kuwawenga zikhadabo? Achimwenewo amangobwera ndi mabisiketi, kujambulitsa chithunzi, n'kumapita.

Nkhani yonseyi yabwera ndi kachinthu ka pulasitiki kotalika ngati supuni: chogwirira cha buleki ya kumanzere pa wilitcheya ya Adadi. Chinathyoka sabata yatha akuchoka pabedi, wilitcheya inathawa, iwo pansi khuu. Anakhala pasimenti mpaka aneba anawamva akugogoda ndi kapu. Dzanja lamanja linafa, ndiye buleki ya kumanja saifikira, amadalira ya kumanzereyo. Munthu woti anayendetsa basi mpaka imvi osagundako ngakhale nkhuku, lero alibe mabuleki.

Kushopu akuti gulani wilitcheya yonse. Wowotcherera zitsulo anangondiseka. Guluu anagwira tsiku limodzi. Achimwene akuti yatsopano anagula kale, koma ili kwawo, m'nyumba yosanja ija, pamwamba penipeni pomwe ine ndemwe ndimafika ndili wefuwefu. Nyambo imeneyo, ndaiona. Adadi akakakwera kumeneko adzatsikanso liti? Yankho ndikulidziwa, koma sindililemba.

Lachitatu, 8 Meyi

Dzulo kuntchito kunabwera mphunzitsi wa kusukulu ya zaluso uja, amene amabweretsa manotsi ake kuti ndiwapange fotokope. Ndinamuonetsa zidutswa zija. Akuti chinthu chotere amachiumba pakompyuta, kenako makina amachitulutsa cha pulasitiki, chogwirika ndi manja. Ndinati ndiye mundiumbire. Iye, "Ine sindiumbira anthu, ndimaphunzitsa. Muzibwera mukaweruka." Ndikanakhala ndi kwina kolowera ndikanamuuza zoti akadye.

Lero ndapita. Chipinda chotentha, makompyuta m'mizere, fani imodzi yongopukusa mutu. Phunziro loyamba: jambulani makona anayi, mukoke chojambulacho chikhale bokosi. Anzanga, ana oti ndingawabereke, akoka kamodzi mabokosi awo ali njo. Ine ndangokhudza kagudumu ka pamausi, langa lazungulira, lachepa, lasowa. Ndalifunafuna pasikirini ponse ngati ndataya singano.

Mphunzitsi wadutsa kumbuyo kwanga, wadina kena kake, bokosi labwerera. "Ndi zophweka, mayi." Sanandiuze n'komwe chimene wadina. Wanena mawu amenewa kwa aliyense m'kalasimo, ndiye kuyambira lero dzina lake ndi Ndizophweka.

Lachinayi, 9 Meyi

Pulogalamuyi ndi yamwano. Ndajambula chinthu chooneka bwinobwino, ndati ndichikoke chikhale ndi thupi, yakana. Ikuti mzere sunatsekeke. Ndayang'ana, ndi wotseka. Yakananso. Ndizophweka wabwera, wakulitsa kona imodzi mpaka yadzaza sikirini, ndiye pali kampata koti ngakhale nyerere ingakanirire. Chifukwa cha kameneko ola lathunthu lapita! Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndati bambo, ine sindinabwerere nkhono.

Ndafika kunyumba Adadi ali chigonere, nkhope kukhoma. Chigwereni sindiwalola kukwera wilitcheya ine kulibe, ndiye aneba amangowabweretsera chakudya ndi chokodzeramo. Kale nthawi imeneyi amakhala pageti, kumvetsera mabasi akukwera chitunda chathu, n'kumapukusa mutu dalaivala akalakwitsa giya. Lero basi inalira mokakamira pachitundapo, iwo sanatembenuke n'komwe.

Loweruka, 11 Meyi

Ndabwereka choyezera kwa Ndizophweka, chitsulo cha milomo iwiri chomwe chimaluma chinthu n'kukuuza mamilimita. Chothyoka chija sichingayezeke, chidutswa chapakati ndinachisesera kudzala. Ndiye ndamasula cha kumanja, chomwe chili chatsopano chifukwa palibe amachigwira. Nzeru zimenezo, palibe wandipatsa.

Ndinakhala pabedi la Adadi kuyeza: kutalika, kunenepa, bowo la bawuti, pomwe chapindikira. Iwo akundiyang'anitsitsa. Chidwalireni mawu awo amatuluka limodzilimodzi, ngati madzi a pampopi wouma.

"Icho... icho ndi..."

"Eya Adadi, ndi cha buleki. Ndibwezeretsa, musadandaule."

"Ayi... cha..."

"Chakale, ndikudziwa. Tipanga chatsopano."

Anakweza dzanja lamanzere n'kuligwedeza, ndinawapatsa madzi. Anakana, n'kutembenukira kukhoma. Nawonso ayamba nkhanza masiku ano, munthu ukuwavutikira.

Koma apa ndiye kwathu. Ntchito yanga tsiku lililonse ndi kukopera chinthu mmene chilili, osawonjezera, osachotsera. Ukaika pepala pagalasi, chotuluka chifanane. Pamenepa kompyuta sindiigonjera.

Lamulungu, 12 Meyi

Alamu anditumizira chithunzi cha chipinda chomwe akonzera Adadi. Makatani atsopano, zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Sindinayankhe.

Lolemba, 13 Meyi

Chatheka! Koma ndatuluka thukuta. Ndinajambula mbali yake, ndinatseka mizere yonse, ndinayendera kona iliyonse ngati wapolisi. Ndinakoka, chinanenepa. Bowo ndiye linandizunza. Ndaliboola koyamba, lili lendelende m'malere, kutali ndi chinthucho. Kachiwiri ladya theka la chogwirira. Mtsikana wokhala pambali panga anandinong'oneza kuti muyambe mwadina nkhope yomwe mukufuna kuboola. Bwanji Ndizophweka osangonena choncho? Kenako kupinda kumapeto, ndi kusalaza m'mbali kuti chisamawacheke Adadi m'manja.

Nditachizunguza pasikirini chinali chofanana ndi chomwe chinali m'thumba mwanga, ngati mapasa. Ndizophweka anaziyerekeza n'kugwedeza mutu. Akuti makina amachedwa, ndikatenge Lachitatu. Pulasitiki wakuda watha, watsala wa olenji. Ndati ngakhale akhale wamawangamawanga, bola agwire.

Ndaimbira achimwene kuwauza kuti asavutike ndi ulendo. Anaseka. Akuti, "Iwe wakhala injiniya liti?"

Lachitatu, 15 Meyi

Mtima ukundiwawa moti cholembera chikuboola pepala.

Ndinachitenga, chokongola, cholimba, ndinabwera nacho kunyumba ngati ndanyamula mwana. Ndinagwada ndi sipanala kumanzere kwa wilitcheya. Sichikulowa. Ndachitembenuza, bowo lagwirizana koma chogwirira chapindikira mkati, chikukhula tayala. Ndatembenuzanso, chaloza pansi. Ndinazungulira n'kuchiyesa kumanja, chinangolowa chokha, kwe.

Ndapanga cha kumanja chachiwiri. Sabata yonse, thukuta lonse lija, ndakopera bwinobwino chinthu cholakwika. Ziwirizi zili ngati nsapato, china chimapindikira uku, china uko, ndipo ine maso ali pomwepo osaona.

Ndiye ndinamva phokoso pabedi. Ndinayesa akutsamwa. Ayi, akuseka! Ndi theka la pakamwa lomwe limagwira ntchito, mapewa akugwedezeka. Ndinaponya sipanala pansi n'kuwakalipira. Ndinati sekani, Loweruka mukaseka bwino kumwamba kwa mwana wanu wokondedwayo. Ndinanenadi choncho, kwa bambo anga ondibereka.

Anasiya kuseka. Anayamba, "Wa... wandi..." Pakamwa panga panatseguka kale kuti ndiwamalizire, koma chifukwa cha mkwiyo, kwa nthawi yoyamba ndinawasiya kuti amalize okha. Zinatenga nthawi. Basi inakwera chitunda mpaka kukathera.

"Wandipangira... dzanja... lakufa."

Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Anapuma, n'kupitiriza. "Loweruka lija... ndimakuuza. Sumadikira. Nonse... simudikira."

Nonse. Andiika thumba limodzi ndi achimwene! Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti ndafunafuna powatsutsa, sindikupapeza.

Ndisanatuluke anandikoka malaya. Ndinadikira. "Chitalike," anatero, n'kundionetsa ndi zala. "Chakale... chimafuna... mphamvu."

Lachinayi, 16 Meyi

Ndinalowa m'kalasi ndili ndi ndewu m'mutu, ndikudziwa kuti ndiyambiranso pa makona anayi. Ndinaponya chaolenji chija patebulo la Ndizophweka. Anamvetsera, anatsegula ntchito yanga, anadina kachithunzi ka kalilole. Pomwepo pambali pa chogwirira changa panaima chinzake, chopindikira kwina. Sindinamalize n'komwe kupuma.

Ndinati, "Ndiye chinthu chimenechi chinalipo nthawi yonseyi? Osandiuza bwanji?"

Iye, "Munandiuza kuti chothyoka n'cha mbali iti, mayi? Munangondionetsa ichi n'kuti chifanane." Ana aja anaseka chamumtima, ndinawaona mapewa. Safunsa anadya phula, ndalidya ndithu, ndipo likadali m'mano.

Za kutalikitsa ndinamuletsa kukhudza mausi. Ndinabwerera ndekha pa chojambula choyamba chija, ndinapeza nambala ya kutalika, ndinaisintha. Ndinatseka maso poopa kuti zonse ziphwasuka. Nditatsegula, chatalika chokha, bowo lili pamalo pake, m'mbali mosalala momwemo, cha pakalilole nachonso chatsatira. Aka n'koyamba kompyuta imeneyi kundimvera.

Kenako nkhondo ina. Akuti makina ali ndi mzere, ndidikire Lolemba. Ndinasuzumira kuti ndione chomwe chikupangidwa: tokolekera makiyi, tina tooneka ngati mtima! Ndinaima patsogolo pa makinawo n'kunena kuti sindichoka, aitane alonda. Ndinawauza zonse, za kugwa, za kapu yogogoda pasimenti, za galimoto ya Loweruka. Mtsikana uja anati ine nditenge malo ake. Ndizophweka anakanda m'mutu n'kusintha kena kake kuti mkati mwa chogwiriracho musakhale mphako, mudzaze pulasitiki yekhayekha. Akuti munthu akachitsamira ndi thupi lonse chisamuchititse manyazi. Mawu ake aja lero sanawanene.

Lachisanu, 17 Meyi

Chalowa. Adadi anachikoka ndi zala ziwiri, chinaluma tayala, kwe. Anachoka pabedi kupita pawilitcheya okha, ine manja kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Iyo sinasunthe.

Achimwene akuti zidole za pulasitiki sizisintha kanthu, afika m'mawa. Akuti ndilongedze zovala. Ndati alongedze okha, manja ali nawo.

Koma pali china chikundidya. Ndakhala ndikukalipira achimwene kuti sanawafunse Adadi. Nanga ine ndinawafunsa? Madzulo ndinakhala pabedi n'kuti, Adadi, inuyo mukufuna kukhala kapena kupita? Ndinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Anangosisita chogwirira chija ndi chala. Mwina atopa nane, ndi pakamwa pangapa. Mwina makatani atsopano akuwafuna. Akapita chifukwa cha zomwe ndinanena Lachitatu, ndidzakwiyira ndani?

Loweruka, 18 Meyi

Anafika ndi mabisiketi. Alamu analowa kuchipinda n'kuyamba kupinda malaya a Adadi, ine ndili pakhomo manja m'chiuno. Achimwene anagwira chaolenji chija, anachigwedeza, akuti, "Chokongola, koma usamaseweretse moyo wa munthu." Ndinaluma mlomo. Ndinali nditalumbira kuti lero sindiyankhulira munthu.

Anaika chikwama m'galimoto, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kubwera kudzawakankha Adadi. Kutuluka pakhomo, kutsika kanjira ka simenti kopita kugeti. Adadi ali phee, chipewa chawo cha udalaivala pamutu. Ndinati basi, apita, ndipo ndinayamba kuona zinthu mwachimbuuzi.

Pakati pa kanjirako ndinamva kwe.

Tayala la kumanzere linaima nji. Achimwene anali akukankhabe ndi mphamvu, ndiye wilitcheya inazungulira pa tayala lomwelo, n'kutembenuka yonse mpaka Adadi anayang'ana khomo la nyumba yawo, galimoto ili kumsana. Achimwene anatsala pang'ono kugwera m'maluwa.

"Mwaona? Chinthu chako chagwira chokha!" anandikalipira, n'kuwerama kuti amasule. Dzanja la Adadi linali pomwepo, lafumbata chogwirira, mitsempha ili tototo.

"Ine..." anayamba Adadi.

"Mwatopa, tikudziwa, mukapuma m'galimoto," anatero achimwene.

Ndinawagwira mkono achimwene, mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa. Ndinati, "Dikirani. Amalize."

Tinaima padzuwa tonse atatu, alamu ali ndi pilo m'manja. Pachitunda basi inalakwitsa giya, Adadi anapukusa mutu pang'ono, n'kumeza malovu.

"Ine... ndafika. Otsika... tsitsani... katundu."

Achimwene anayang'ana Adadi, anayang'ana ine, kukamwa yasa. Palibe anawathandiza mawu. Kenako anapita kugalimoto kukatsitsa chikwama chija.

Chikwama chili pakhonde, sindinachimasule. Adadi ali pageti. Akundiitana, ndipo ayamba chiganizo chachitali.